Kawotchi koonetsa nthawi ndi mtundu wofiira: zomwe ndaona pa miyezi inayi

Ndinagula kawotchi aka chifukwa cha mwana wanga wamkazi wa zaka 9, yemwe masamu khumi okha a homuweki ankamutengera pafupifupi maola awiri. Akangolemba mzere umodzi, uyo wadzuka kukamwa madzi, uyo akusongola pensulo yosongoka kale. Ine kukalipa, iye kulira. Zinkandiwawa mumtima chifukwa ndinkadziwa kuti nzeru ali nazo.

Kwa amene simunakaonepo, sikauza munthu kuti ndi nthawi yanji. Kali ndi manambala kuyambira 0 mpaka 60, ndipo mukapotokola pakati pake pamatuluka chigamba chofiira chomwe chimanka chichepa mphindi zikamatha. Mwana sasowa kudziwa kuwerenga wotchi, amangoona ndi maso kuti kufiira kwatsala pang'ono. Kamayendera batire imodzi ya AA, ndipo yomwe ndinaikamo tsiku loyamba ikugwirabe ntchito. Poyenda kamakhala chete, chomwe ndi chofunika kwa mwana woti ngakhale ntchentche ikadutsa maganizo ake amapita nayo.

Poyamba ndinkatchera mphindi 20, koma zinamuchulukira. Titatsitsa kufika pa 10, ndi kupumula mphindi zitatu pakati, zinthu zinayamba kuyenda. Chinathandiza kwambiri n'kumusiya azitchera yekha. Mawu oti "fulumira" anachoka pakamwa panga, ndipo mikangano inachepa.

Zofooka zilipo. Kabelu kake kamalira modzidzimutsa, moti tinangokazimitsa. Zikatsala mphindi ziwiri kufiira kumaonda mpaka osaoneka bwino. Pulasitiki wa kutsogolo sachedwa kukalika, komanso mwana wochenjera angathe kukankhira chigambacho kumapeto inu mukatembenuka. Wanga anayesapo kawiri.

Koma chomwe chandilembetsa ndemangayi ndi china. Pa masamu kawotchi kanagwira ntchito, pa kuwerenga ayi. Poti tsopano nthawi inkaoneka, ndinazindikira kuti vuto linkayamba pamalo amodzimodzi tsiku lililonse: zikatha mphindi 6 kapena 7 ali pabuku, ankayamba kutikita maso, kulumpha mizere, kenaka n'kudandaula mutu. Kale ndinkati ndi njira yothawira ntchito. Ulesi susunga nthawi chotero.

Sindinaganizirepo za maso chifukwa anayezedwapo n'kupezeka kuti ali bwino. Dokotala wa maso yemwe tinapitako anatifotokozera kuti kuyeza kowerengetsa zilembo pa mtunda wa mamita 6 kumaona ngati munthu akuona bwino patali. Mwana yemwe maso ake amavutika ndi zinthu zapafupi angathe kuwerenga zilembo zonsezo bwinobwino, chifukwa diso la mwana limatha kudzikakamiza kuti zinthu zioneke. Kudzikakamizako n'komwe kumamutopetsa akakhala pabuku. Anamuthira mankhwala a m'maso omasula timinofu tomwe timagwira ntchito imeneyi, kuti muyeso weniweni uoneke. Mankhwalawo amaluma pang'ono, ndipo tsiku lonselo ankaona zapafupi mwachimbuuzi komanso kuwala kunkamuthobwa, choncho musakonze homuweki tsiku limenelo. Anapezeka kuti akufunika magalasi. Ndinamva chisoni pokumbukira masiku onse omwe ndinkamukalipira.

Chivalireni magalasi, mutu unasiya ndipo amawerenga mphindi 15 osadandaula. Kudzukadzuka sikunatheretu. Maganizo ake amayendayendabe, ndipo tikukambirana ndi aphunzitsi ake ngati pangafunike kuti akaonedwe ndi katswiri pa nkhani ya ADHD, vuto lomwe limachititsa mwana kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ndiye kawotchi kakadali patebulo. Pano kamatithandizanso kupumitsa maso: zikakwana mphindi 20 ali pa buku kapena pa kompyuta, amayang'ana chinthu chakutali kwa masekondi 20.

Ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kabelu ndi pulasitiki uja. Makolo anzanga, mukagula sankhani kokulirapo, koti mwana azikaona osatukula mutu kwambiri. Sabata yoyamba khalani naye pafupi, muzilemba mphindi yomwe wayamba kutopa komanso ntchito yomwe amachita panthawiyo. Kapepala kameneko n'komwe ine ndinapita nako kwa dokotala wa maso.