Kebulo, ekstenda, powerline kapena mesh: mugule chani makompyuta a m'nyumba akamakana kuonana

Anzanga angapo akhala akundifunsa funso limodzimodzi, akuti aise makompyuta onse awiri ali pa intaneti bwinobwino, YouTube ikutseguka, koma iyi siikuona inzake, foda yomwe ndagawana siikupezeka, pulinta nayo yangoti zii, nde ndigule chani kuti zitheke? Ndati ndingolemba kamodzi basi poti nanenso ndinadutsamo, ndipo ndinataya ndalama pa kachipangizo kena kamene mpaka lero ndikakaona m'dirowa mtima umandiwawa.

Zomwe anthu amathamangira kugula ndi zinayi, ekstenda ya WiFi yomwe ena amati ripita, ma adaputa a powerline odutsitsa netiweki mu mawaya a magetsi, mesh yomwe ndi timabokosi tingapo ta WiFi togwira ntchito limodzi, ndi kebulo ya Ethernet yodziwika kale ija. Zinayi zonsezi ndinazigwirapo, zina zogula zina zobwereka. Za ma antena angati kapena mtundu wa bokosi sindikambapo, zimenezo mumaziwerenga nokha pa katoni.

Ndiyambe ndi ekstenda chifukwa ndi imene inandipweteka. Kwanga rauta ili pabalaza, desktop ili kuchipinda chakumapeto, pakati pali makoma awiri, ndipo mafayilo onse antchito ali pa desktop imeneyo pomwe laputopu ndimayenda nayo nyumba yonse. WiFi imafika kuchipindako koma yofooka kwambiri, ikaduka ikabwera, ndiye ndinagula ka ekstenda kobaya pa soketi, pa katoni analemba 300 Mbps. Tsiku loyamba ndinasangalala, timizere ta sigino tonse tinadzadza, intaneti ikuyenda. Mawa lake ndikufuna kutenga fayilo kuchokera pa laputopu, desktop kulibe. Kupita pa desktop kuti ndisake pulinta yomwe ili pa rauta, nayonso siikuoneka. Ndinatha masabata awiri ndikuzimitsa ndi kuyatsa zinthu, ndinathimitsa firewall, chitetezo chija chotchinga zolowa mu kompyuta kuchokera pa netiweki, ndinachotsa antivayirasi, ndinasintha mapasiwedi, ndinafufuta foda ija n'kuigawananso, osatheka ndithu, ndipo ntchito ina inachedwa chifukwa ndimachita kunyamula mafayilo pa fulashi kuchoka chipinda china kupita china pomwe zonse zili pa WiFi.

Chinandimasula ndi kalamulo kamodzi, ipconfig. Ndinatsegula Command Prompt, kawindo ka Windows kolembamo malamulo, pa makina onse awiri n'kulemba, laputopu inali ndi adilesi 192.168.1.14, desktop inali ndi 192.168.10.101. Onani nambala yachitatuyo, 1 ndi 10. Pa manetiweki ambiri a m'nyumba, pomwe subnet mask, nambala ina yomwe ipconfig imaonetsanso, ili 255.255.255.0, manambala atatu oyambirira akuyenera kufanana, akasiyana ndiye kuti makompyutawo ali pa manetiweki awiri osiyana olo atakhala pa tebulo limodzi. Ka ekstenda kaja kanali pa modi imene kamadzitenga ngati rauta pakokha, kali ndi DHCP yake yogawa ma adilesi, kali ndi NAT yake yobisa zipangizo zake kuseri kwa adilesi imodzi, ndiye kanamanga mpanda m'kati mwa mpanda. Amene ali m'kati mwa kampanda kakang'onoko amatha kutuluka, n'chifukwa chake intaneti imayenda, ndipo ndikalemba adilesi ya pulinta pamanja kuchokera pa desktop imayankha, koma wakunja sangalowe, laputopu ikagogoda palibe woitsegulira. Komanso mauthenga aja amene makompyuta amafuulira netiweki yonse kuti ine ndili pano sadumpha rauta, amathera pa geti, nde mu gawo la Network la mu File Explorer simuoneka kanthu.

Chimene chimandikwiyitsa mpaka pano n'choti kapepala ka malangizo kanangonena zoti lowani, sankhani WiFi yanu, ikani pasiwedi, mwatha. Zoti modi ina imagawa nyumba pawiri sanalembe paliponse pooneka. Munthu wamba angadziwe bwanji?

Nditasintha n'kukaika pa modi ya ripita ma adilesi anagwirizana, onse 192.168.1, makompyuta anayamba kuonana, ine n'kumati basi zatha. Apa mpamene vuto lachiwiri linatulukira. Ekstenda yokhala ndi wayilesi imodzi ya 2.4 GHz imamvera rauta kenako n'kubwereza zomwezo kwa kompyuta pa tchanelo yomweyo, singachite ziwirizi nthawi imodzi, ndiye liwiro limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo 300 ya pa katoni ija si liwiro lenileni lokopera, ndi nambala ya kulumikizana chabe zinthu zonse zili bwino. Pa WhatsApp simungazindikire, koma yesani kusamutsa foda ya mavidiyo muone, kamzere kobiriwira kaja kamangoima. Vuto lachitatu ndi laling'ono koma lotopetsa, ma ekstenda ambiri amasintha MAC adilesi ya chipangizo chomwe chadutsira mwa iwo, nambala imene rauta imachizindikirira nayo, ndiye ine ndinali nditauza rauta kuti desktop izipatsidwa adilesi imodzi yomweyo nthawi zonse, koma rauta siinkaizindikiranso, imaipatsa ina, mashotikati anga onse n'kufa. Laputopu nayo imakakamira ku ekstenda olo ndakhala pafupi ndi rauta, mpaka ndichite kuidula ndekha.

Ndinene chilungamo, si ma ekstenda onse amene amagawa netiweki chonchi, ndipo okhala ndi mabandi awiri, 2.4 ndi 5 GHz, amachitako bwino. Ngati cholinga chanu n'choti foni izigwira pakhonde, gulani, ikuthandizani. Koma ngati mukufuna makompyuta azipatsana mafayilo tsiku ndi tsiku, ine sindingakuuzeni kuti mugule, ayi.

Powerline ndinabwereka kwa mnzanga sabata imodzi ndipo inandidabwitsa. Mumabaya adaputa imodzi pafupi ndi rauta, ina kuchipinda, kebulo yaifupi uku ndi uku, kudina batani la Pair kuti ziwirizo zidziwane, basi. Ubwino wake waukulu pa nkhani yathuyi ndi woti simanga netiweki yachiwiri, imangokhala ngati mlatho, adilesi imachokera ku rauta yomwe ija, ndiye makompyuta anaonana nthawi yomweyo popanda kugwira seting'i iliyonse. Vuto lake n'loti zonse zimadalira mawaya a nyumba yanu, amene simungawaone. Pa soketi imodzi imathamanga, pa ina ya chipinda chomwecho imakwawa. Siifuna ekstenshoni, makamaka zija zoteteza ku magetsi amphamvu chifukwa zimasefa sigino yake, muibaye pakhoma penipeni. Matchaja ena otchipa akabayidwa pafupi amaisokoneza, ndipo ngati zipinda zili pa ma phase, kapena kuti mizere ya magetsi, osiyana liwiro limagwa kwambiri kapena osalumikizana n'komwe. Manambala aja 600, 1000, 2000 musawakhulupirire, ndiponso onani doko la kebulo pa adaputayo, ena olembedwa 500 kapena 600 doko lawo ndi la 100 Mbps basi, nde olo mawaya akhale abwino bwanji simudzadutsa pamenepo. Kwa munthu amene akuchita lendi ndipo saloledwa kuboola khoma, iyi ndi imene ndingamuuze ayese, koma agule pamalo pomwe angabweze ikakana.

Mesh ndi yabwino, sindikana. Dzina la WiFi limodzi nyumba yonse, mukamayenda foni imasamuka yokha, zokakamira zija zimachepa. Koma ndi yodula kuposa zonsezi, ndipo pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa sakonda kunena. Choyamba, mukaibaya kumbuyo kwa rauta yomwe anakupatsani a kampani ya intaneti osaiika pa bridge kapena access point, ma modi amene imangofalitsa WiFi osagawa ma adilesi payokha, mwabwereranso pa vuto langa lija, mipanda iwiri, pulinta ili pa rauta yakale laputopu ili pa mesh, sizionana. Chachiwiri, zambiri zimafuna apu ya pa foni ndi akaunti kuti mungoikonza chabe, ndipo zina mwa zinthu zomwe munakopeka nazo, monga kuletsa ana masamba ena, makampani ena amazitsekera kuseri kwa malipiro a mwezi ndi mwezi. Werengani bwino musanalipire. Nyumba ikakhala yaikulu kapena yosanja, mesh ili ndi ntchito, koma kugula mesh chifukwa choti makompyuta awiri sakuonana n'kuwononga ndalama.

Ndiye kebulo. Apa ndivomere kuti ndili ndi mbali, ndimaikonda, chifukwa kuyambira tsiku lomwe ndinaikoka m'mbali mwa khoma kuchoka pa rauta kufika kuchipinda sindinakhalenso pansi kusaka vuto. Cat5e wamba imanyamula 1000 Mbps mpaka mamita 100, nyumba zambiri sizifika n'komwe pamenepo, ndipo ngati makompyuta onse ndi rauta zili ndi madoko a gigabit, a 1000 Mbps, mumakopera pafupifupi 110 MB pa sekondi, fayilo ya 10 GB ikudutsa mu mphindi imodzi ndi theka bola disiki yanu ikhale yothamanga. Khoma silikhudza, mayikulowevu sikhudza, WiFi ya oyandikana nawo sikhudza. Ikavuta imavuta moonekera, timagetsi ta padoko tikapanda kuyaka mwadziwa kale kuti ndi kebulo kapena doko, mwasintha, zatha. Chokhacho choti musamale, m'kati muli timawaya 8 ndipo gigabit imafuna tonse, kamodzi kakaduka kapena mutu wake ukapanidwa molakwika kawirikawiri imatsika mwakachetechete kufika pa 100 Mbps, nde mukaona kukopera kwaima pa 11 kapena 12 MB pa sekondi kayang'aneni mitu ya kebulo. Kuipa kwake n'kodziwika, kukoka waya n'kotopetsa, sikuoneka bwino ukapanda kuukhomera, ndipo malaputopu opyapyala ambiri alibe doko, amafuna ka adaputa ka USB.

Ndipo ngati kuchipindako mukufunanso WiFi, rauta yakale imene ili m'katoni ikhoza kugwira ntchito kuposa ekstenda. Lowani mu seting'i zake, zimitsani DHCP, ipatseni adilesi ya m'gulu lomwelo imene palibe akugwiritsa ntchito, kenako kebulo yochokera ku rauta yaikulu muibaye pa doko la LAN, osati la WAN. Pamenepa mpomwe anthu ambiri amaphonya, akabaya pa WAN ndiye mpanda wachiwiri uja wabweranso. Ma rauta ena ali ndi modi ya access point yomwe imakuchitirani zonsezi.

Koma chonde musanagule chilichonse mwa izi yambani mwaona ngati vuto likufunadi kugula kanthu, chifukwa anzanga ena ondifunsawa sanatulutse ndalama iliyonse. Lembani ipconfig pa makina onse mufananize manambala. Mukaona adilesi yoyamba ndi 169.254 ndiye kuti kompyutayo siinalandire adilesi kuchokera ku rauta, yangodzipatsa yokha, vuto lili pa kulumikizana kwenikweniko. Onani ngati wina sali pa WiFi ya Guest, imeneyo anaipanga dala kuti alendo asaone zinthu zanu, ndipo mu rauta muli kaseting'i kotchedwa AP isolation kamene kakayaka zipangizo za pa WiFi sizilankhulana. VPN ikakhala yoyaka izimitseni kaye. Pa Windows onetsetsani kuti netiweki ili pa Private osati Public, chifukwa pa Public kompyuta imabisala, kenako yatsani network discovery ndi file and printer sharing. Za ping, kalamulo koyesera ngati kompyuta inayo ikuyankha, musathamange kuweruza, firewall ya Windows nthawi zambiri siyankha ping mpaka mutayatsa zogawana mafayilo, ndiye kusayankha sikutanthauza kuti waya wafa, ndipo musasiye firewall ili yozimitsa ngati mmene ndinachitira ine masiku aja, sizinathandize kanthu. Mu Network mukapanda kuoneka kalikonse musataye mtima, tsegulani File Explorer mulembe pamwamba \\192.168.1.20 kapena adilesi ya kompyuta inayo, nthawi zambiri foda imatseguka ndithu ikangofunsa dzina ndi pasiwedi ya akaunti ya kumeneko. Pa Mac ndi mu Finder, Command ndi K, kenako smb:// ndi adilesiyo. Amene mukusakabe HomeGroup, njira yakale ya Windows yogawanira mafayilo m'nyumba, imeneyo inachotsedwa mu Windows 10 mu 2018, ndipo SMB 1, chilankhulo chakale chimene makompyuta amapatsirana nacho mafayilo, siibweranso yoyaka kuyambira 2017, n'chifukwa chake timabokosi takale tosungira mafayilo ndi ma rauta ena okhala ndi doko la USB amakana kutseguka pa makompyuta atsopano. Kuiyatsanso n'kotheka koma ine sindingakulimbikitseni, ndi njira imene vayirasi ya WannaCry inadutsira chaka chomwecho cha 2017.

Mukayesa zonsezi ndipo mwatsimikiza kuti vuto ndi sigino yosafika, kokani kebulo, olo ikhale imodzi yokha yopita kuchipinda chakutali n'kuikako ka switch kakang'ono, kabokosi kochulukitsa madoko a kebulo, ngati zipangizo zili zingapo. Ngati a landilodi sakulola, yesani powerline. Mesh isiyireni a nyumba zazikulu ndipo akumbukire bridge. Ekstenda yanga ija mnzanga wina anandipempha kuti ndimugulitse, ndinamufunsa kaye ngati ali ndi pulinta kapena kompyuta yachiwiri, atati eya ndinamukaniza, n'kumupatsa kebulo yotsala ya mamita 15.