Mbale ya ana ya zigawo: imathandizadi mwana wonenepa kwambiri?

Mbale yomwe tikuunika pano ndi ija ya ana yokhala ndi timakoma togawa chakudya m'zigawo zitatu kapena zinayi. Zambiri zimatengera chithunzi cha MyPlate chomwe boma la America linatulutsa mu 2011: theka la mbale likhale ndiwo zamasamba ndi zipatso, theka linalo ligawidwe pakati pa chakudya chokhutitsa ndi zomanga thupi monga nsomba, mazira, nyama kapena nyemba. Ogulitsa ena amaitamanda ngati mankhwala a kunenepa, koma ntchito yake yeniyeni ndi kuletsa dzanja la wopakula kupyola muyezo, ndipo pamenepo imakhoza.

Chinsinsi chili pa kukula kwake. Mbale ya munthu wamkulu imafika masentimita 26 kapena 27 m'mimba mwake, pomwe ya ana ndi pafupifupi 20. Chakudya chokwanira mwana wa zaka zitatu chikaikidwa pa mbale yaikulu chimaoneka ngati chongonyambita, kholo n'kugwidwa chisoni, n'kuwonjezera. Pa mbale yaing'ono chakudya chomwecho chimaoneka chodzadza.

Koma chenjerani ndi kuya kwake. Mbale zina ndi zazing'ono kukamwa koma zakuya, moti chigawo chimodzi chimameza chakudya cha munthu wamkulu. Musanayambe kuigwiritsa ntchito, thirani madzi m'chigawo chilichonse n'kuwakhuthulira m'kapu yoyezera kuti mudziwe mamililita ake. Kenako yezani ndi dzanja la mwanayo, osati lanu: chokhutitsa chikhale ngati chibakera chake, nyama kapena nsomba ngati chikhatho chake. Pa ndiwo zamasamba yambani ndi supuni yaikulu imodzi pa chaka chilichonse cha msinkhu wake, akafuna zina mumuwonjezere. Ngati muyezowu ukungofika theka la chigawo, palekereni pomwepo. Cholakwika chomwe chimachitika kwambiri n'kutembenuza mbale: chigawo chachikulu chija, chomwe ndi cha masamba, chimadzazidwa ndi mpunga kapena mbatata, masamba n'kukhala kadontho pakona.

Pa zipangizo, yachitsulo chosachita dzimbiri ndiye yopambana: sisweka, sisunga fungo, imatsukika msanga. Ya silicone, yofewa ngati labala, imamata patebulo, zomwe n'zabwino kwa kamwana kokonda kugubuduza mbale, koma imagwira fungo la mafuta ndi sopo. Ya melamine, yolimba yooneka ngati pulasitiki, isalowe mu microwave, ndipo yapulasitiki ikakandikakandika itayeni.

Timakoma tija tili ndi kuipa kwake. Mwana wosankha zakudya amazolowera kuti msuzi usakhudze china chilichonse, ndiye tsiku lomwe mbaleyo palibe, nkhondo. Muzimusinthira ndi mbale wamba yaing'ono masiku ena. Komanso zigawo zimanyenga kholo kuti chilichonse chiyenera kutha. Ayi ndithu. Inu sankhani chodya, nthawi ndi malo. Kuchuluka komwe adye mumusiyire mwanayo. Kumukakamiza kupukuta mbale kumamuphunzitsa kusamvera mimba yake ikati yakhuta. Masamba atsopano akawakana musadabwe, ana ambiri amafunika kuwaona maulendo khumi kapena kuposa asanawalandire.

Chofooka chachikulu cha mbaleyi n'chakuti siona zomwe zili m'kapu. Bungwe la American Heart Association limati mwana wa zaka 2 kupita m'tsogolo asapyole magalamu 25 a shuga wowonjezera patsiku, ndiwo masupuni aang'ono 6, ndipo wosakwana zaka 2 asapatsidwe n'komwe. Kachitini kamodzi ka mamililita 330 ka chakumwa cha kola kali ndi magalamu pafupifupi 35. Ngakhale juwisi wa zipatso zenizeni, madokotala a ana a American Academy of Pediatrics amati asapyole mamililita 120 patsiku kwa wa chaka chimodzi mpaka zitatu. Mungapakule mwaluso katatu patsiku, koma ngati pakati pake mwana akuyenda ndi botolo la zotsekemera ndi mabisiketi m'manja, mbaleyo yagwira ntchito pachabe. Zakudya zapakati ziikidwenso m'mbale yomweyo, kawiri patsiku, atakhala pansi, chakumwa chikhale madzi kapena mkaka wopanda shuga.

Mbaleyi sionanso thupi likangokhala. Malangizo a 2019 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azisewera moyendayenda mphindi 180 patsiku, 60 mwa izo zothamanga ndithu, asapitirire ola limodzi pa foni kapena TV, ndipo azigona maola 10 mpaka 13.

Musagule mbaleyi chifukwa chongomuyang'ana mwana n'kugamula kuti wanenepa. Kwa wosakwana zaka 5, azaumoyo amayerekeza kulemera ndi kutalika pa tchati cha WHO: kupyola mzere wa +2 ndi kulemera mopitirira, kupyola +3 ndi kunenepa kwambiri. Pa msinkhuwu cholinga nthawi zambiri sichikhala kutsitsa makilogalamu, koma kuti kulemera kukwere pang'onopang'ono msinkhu ukukula. Ndipo ngati m'nyumba muli ana angapo, guliraninso enawo. Mwana mmodzi yekha akamadyera mbale yapadera amazindikira msanga kuti akusalidwa, ndipo ena amayamba kudya mobisa.