Buku la alendo lija, patapita miyezi 10 chibwerere ku Dar ndi ku Zanzibar

Titangobwerako ku Tanzania ndinalemba mawu ochepa oyamikira buku la alendo limene ndinagula kwa anyamata oyala mabuku pakhonde la sitolo ku Lilongwe, ndipo ndinalipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinafulumira. Nthawi imeneyo katundu anali akadanunkha sitolo, ndipo chilichonse chinkaoneka chabwino chifukwa chachokera kutali. Pano papita miyezi 10. Nsalu zachapidwa kambirimbiri, zokometsera zakudya zina zatha, chosema china chaulula chimene chinali m'kati mwake, ndipo bukulo labwerekedwa kawiri n'kubwerako ndi madontho a tiyi.

Kwa amene sanaone zoyamba zija: bukuli ndi la Chingerezi, lonenepa ngati Baibulo, limafotokoza Tanzania yense, ndipo linasindikizidwa Covid isanabwere. Ine ndi mayi a kunyumba tinadutsa pa Songwe pa basi, tinagona masiku anayi ku Dar es Salaam ndi asanu ku Zanzibar. Unali ulendo wokapuma, osati wokaoda, koma Mmalawi sangafike ku Dar n'kubwerako chimanjamanja. Mwezi wathunthu tisananyamuke ndinkakhala ndi bukuli madzulo, pensulo m'manja, kulemba m'mphepete mwa masamba: apa zitenje, apa zokometsera, apa mphatso ya amayi kumudzi.

Za mitengo sindichedwapo. Mtengo uliwonse wa m'bukumo unali wakufa kale, ndipo ambiri anali m'madola, pamene chiyambire Malichi 2025 Tanzania inalamula kuti malonda a m'dzikomo azitchulidwa ndi kulipiridwa mu shilingi. Bajeti imene ndinaiwerengera mosamala kunyumba inasokonekera tsiku lachiwiri. Kenako panabwera inshuwalansi yokakamiza imene Zanzibar inayamba kulipiritsa alendo ochokera kunja pa 1 Okutobala 2024, yomwe poyambirira anaiika pa madola 44 munthu mmodzi. Buku silikanadziwa zimenezi, sindikuliimba mlandu. Koma ndalama imene ndinasungira kabokosi kosema ka misomali yamkuwa, kaja amati kasha, inathera pamenepo. Ndi mmene dola imavutira kuipeza kuno, zinandiwawa ngati dzino.

Chimene ndazindikira mochedwa n'chakuti bukuli silinalembedwere ine. Wolemba ankaganiza za mzungu wa chikwama chakumsana amene akufuna kanthu kakang'ono kokaika pashelefu kwawo. Masitolo a mphatso a ku Msasani ndi Oyster Bay, madera a ku Dar, anawapatsa masamba angapo, aliyense ndi dzina lake ndi nthawi yotsegulira. Kariakoo, dera la malonda la ku Dar kumene theka la basi yathu linkapita, anaipatsa ndime ziwiri: yoyamba kufotokoza kuti dzinali linachokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatenga a asilikali a Britain pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yachiwiri kuchenjeza za opisa m'matumba. Linatiuzanso kuti tikalowe m'chinyumba chachikulu cha msika tikaone denga lake. Chinyumbacho chinapsa ndi moto mu Julayi 2021, ndipo ife tinachipeza chotseka.

Mapu enieni a Kariakoo tinawapeza m'basi, kwa mayi wina wa ku Mzuzu amene amapitako mwezi ndi mwezi. Atandiona ndikuvundukula masamba anaseka.

"Achimwene, bukulo lakuuzani za akuba, chabwino. Nanga lakuuzani kuti chitenje chimodzi ndi zitenje khumi mtengo wake si umodzi?"

Anatenga pensulo yanga n'kulemba kuchikuto chakumbuyo: zovala msewu wa Congo, mafoni msewu wa Aggrey, ndi mawu awiri a Chiswahili, jumla ndi rejareja, kutanthauza mtengo wopikulitsa ndi mtengo wa chimodzichimodzi. Anatichenjezanso za mawinga, amene kuno timati madobadoba: mnyamata amakulandira ngati sitolo ndi yake, amathamanga kukatenga katundu kwa eni ake enieni, n'kuikapo yake pamwamba. Mizere isanu ya mayi uja inatipulumutsira ndalama zambiri kuposa mutu wonse wa zogulagula wa m'bukumo. Mpaka lero onse amene abwereka bukuli amayamba kujambula chikuto chakumbuyocho pa foni.

Komabe pali malo amodzi pamene bukuli linabweza ndalama yanga yonse, ndipo ndikalikumbuka ndimalikhululukira zambiri. Muli kabokosi ka theka la tsamba kofotokoza kanga, nsalu ya amayi yofanana ndi chitenje: kuti imagulitsidwa ziwiriziwiri zosadula, zimene amati doti, kuti ili ndi mkombero wake wotchedwa pindo, pakati pake mji, ndipo m'munsi muli mawu amene amati jina. Kabokosiko kanatsindika kuti usagule kanga ya mphatso usanadziwe zimene mawuwo akunena, chifukwa amayi a kugombe amanyozana ndi kuyankhana kudzera pa nsalu, pakamwa pali tsekee. Linatilozera ku msewu wa Uhuru, ndipo apo silinaname, masitolo a nsalu ali ndondondo.

M'sitolo ina yopapatiza, mayi a kunyumba anakopeka ndi kanga yobiriwira ya maluwa achikasu.

"Bambo, iyi ndiye ya amayi. Akavala ku Mvano anthu adzatembenuka."

Ndalama inali itatuluka kale m'kachikwama pamene ndinakumbuka kabokosi kaja. Ndinaloza mawuwo, ndi Chiswahili changa cha masiku atatu n'kufunsa tanthauzo. Wogulitsa anawerenga mokweza: "Pilipili usiyoila yakuwashia nini?" Atamva kuti nsaluyo ikupita kwa apongozi a mkazi wanga anagwira pakamwa, anaitana mnzake wa sitolo yoyandikana, onse awiri n'kumaseka mpaka misozi. Tanthauzo lake: tsabola amene sunadye akukuwawa bwanji? Ndiye kuti, za eni zikukukhudza chiyani? Tangoganizani mpongozi kupereka zimenezo kwa amayi anga, kumudzi kumene kuli anthu angapo oti anakhalako ku Mbeya ndipo Chiswahili amachimva bwinobwino. Tinasankha ina ya mawu othokoza Mulungu. Yobiriwira ija mayi a kunyumba anaigulabe, ndipo amaivala akamachapa, makamaka tsiku limene aneba ena ayamba zofunsafunsa.

Patatha miyezi yonseyi nsaluzo zasiyana. Buku linati ukhudze nsalu, uyifikise pakona: ya thonje lenileni imakhala yolemererako ndipo imafewa ikamachapidwa, pamene yopyapyala yodzaza sitachi imaoneka yolimba m'sitolo mokha. Kanga zitatu zimene tinasankha motero zikadali ndi mtundu wake, zangofewa. Zitenje ziwiri zimene tinagula mothamanga tsiku lomaliza, chifukwa chotchipa, zinasiya madzi ofiira m'beseni pa kuchapa koyamba ndipo pano n'zoyalira patebulo la kukhitchini.

Ku Zanzibar bukuli linali panyumba pake. Mapu ake a Stone Town, mzinda wakale wa ku Zanzibar, ndi amene ankatitulutsa m'tinjira tija topapatiza pamene foni yataya netiweki pakati pa nyumba zazitali. Linatiphunzitsa mawu oti papasi, nkhupakupa, dzina la anyamata amene amakukakamira kuchokera padoko mpaka ugule kumene iwo akufuna. Pa zokometsera malangizo ake anali achidule koma olondola: pita ku msika wa Darajani, umene unamangidwa mu 1904 ndipo eni mudzi amagulako, usiye timapaketi tokongoletsedwa ta m'masitolo a alendo, ndipo ugule zathunthu, osati zopera. Ndinamvera theka. Karafuu ndi iliki (pa Chingerezi cloves ndi cardamom), makungwa a sinamoni ndi tsabola wakuda ndinagula zathunthu, ndipo tikusunga m'mabotolo a jamu. Dzulo lomweli ndinaluma karafuu mmodzi, lilime linachita dzanzi ngati tsiku loyamba. Koma ndinatenganso mapaketi anayi a zosakaniza za pilau zopera kale. Pofika mwezi wachinayi zinali ngati utuchi. Ndinagulanso kapaketi kofiira kolembedwa kuti saffron pa mtengo wa botolo la fanta, osadzifunsa kuti chinthu chimene pafupifupi chonse chimachokera ku Iran, chodula kuposa zokometsera zonse, chingatchipe bwanji chonchi. Mpunga chimaupaka mtundu, fungo palibe. Apa buku linali chete.

Nkhani ya zosema ndiye yondichititsa manyazi, chifukwa mtengo umene iwo amati mpingo ndi phingo wathu yemweyu, ndipo ndinakula ndikuona osema m'mbali mwa msewu wa kunyanja. Buku linanena momveka: phingo weniweni ndi wolemera kwambiri, nthawi zambiri wosema amasiyako kachigawo koyera ka kunja kwa mtengo, ndipo ena amadetsa mtengo wamba ndi polishi wa nsapato. Ku Mwenge, ku Dar, kumene osema a Chimakonde amagwira ntchito anthu akuona, ndinatsatira zimenezi. Ndinagula kachosema kakang'ono ka anthu okwerana pamapewa, kamene amati ujamaa, kwa bambo wachikulire amene anali ndi tchizulo m'manja. Kali pa kabati, sikanasinthe ngakhale pang'ono. Koma madzulo ena ku Stone Town, nditatopa ndiponso papasi wina atandiyenda nane kwa ola lathunthu, ndinagula nyamalikiti yakuda bii m'kasitolo kena kamdima, mwina pongofuna kuti andisiye. Ndinaona kupepuka kwake, ndinadziuza kuti ndi chifukwa cha khosi lowonda. Kutentha kwa Okutobala kutafika inang'aluka kuchokera pamwendo mpaka pamimba, ndipo m'kati mwake ndi moyera ngati chinangwa. Mwana wathu wamng'ono atayipukuta ndi kansalu konyowa anabwera kudzandionetsa manja akuda.

Chinthu china chimene buku lotere silingakuuzeni ndi ulendo wobwerera. Limathera pa bwalo la ndege, ndi malangizo a kulemera kwa masutikesi. Za kukwera basi ndi zikwama zinayi, za kusunga malisiti kuti pa Songwe a MRA akafunsa mukhale ndi chowaonetsa kuti katunduyu ndi wapanyumba osati wamalonda, mulibe ngakhale mzere umodzi. Chithunzi cha Tingatinga, kajambulidwe ka ku Tanzania ka mitundu yowala, chimene tinagula kwa ojambula a ku Oyster Bay, kumene buku linatilozera molondola, tinachita kuchichotsa pa thabwa lake n'kuchikulunga m'paipi ya pulasitiki, nzeru ya wojambula mwini wake. Chinafika bwino, utoto wake wa enamelo ukuwalabe pabalaza.

Ndiye nyenyezi ndachotsapo imodzi, zatsala zitatu. Ndikanati ndibwerere, ndikanalitengabe, koma sindikanataya mwezi wathunthu ndikuwerengera mitengo yake, ndipo mayina a masitolo ndikanangowadumpha: mwa asanu amene ndinawazunguliza ndi pensulo, awiri tinapeza mukugulitsidwa zina. Masamba amene ndapinda makona ndi a mapu, timabokosi tofotokoza kanga ndi phingo, ndi tsamba la manambala a Chiswahili, limene linandithandiza kumva wogulitsa akuuza mnzake mtengo wina pamene ine wanditchulira wina.

Mlamu wanga akunyamuka mwezi wamawa ndipo wabwera kale kudzalitenga. Pansi pa mizere ya mayi wa ku Mzuzu ndawonjezerapo yanga itatu, ndipo nyamalikiti ija ndamuonetsa, ndamupatsa kuti ainyamule m'manja amve kupepuka kwake. Pano imagwira ntchito yotchingira chitseko cha kukhitchini kuti chisamenyeke ndi mphepo.