TV ya 43 inch yogoneka pa tebulo la D&D, katundu ali bho koma wogulitsa wandikhumudwitsa

Anthu angapo mwakhala mukundifunsa ku inbox za TV ija ndinagula ku Area 2 cha ku Malangalanga, ya 43 inch. Ine sindinagulire mpira kapena mafilimu ayi, ndinagulira gemu yathu ya Dungeons & Dragons (gemu ya pa tebulo yosewera nthano ndi madayisi komanso tizidole pa mapu) yomwe timasewera Loweruka lililonse kwathu ku Area 25, tilipo sikisi ndipo DM, woyendetsa nkhani ya gemu, ndi ine. Kale mapu ndinkajambula pa manila ndi maka, usiku wonse kuvutika ndi rula, kenako wina n'kutayirapo tiyi basi ntchito yonse yapita.

Tsiku logula ndinawafotokozera bambo a shopu bwinobwino, ndinawaonetsa mpaka chithunzi pa foni, ndinati achimwene TV iyi sindikaimika, ndikaigoneka chagada mu bokosi ngati tebulo, kodi sipakhala vuto? Iwo anayankha mokweza pamaso pa mnzanga amene ndinapita naye kuti bwana iyi ngakhale muigoneke, muipachike kudenga, imagwira ntchito, waranti ilipo. Ndinalipira cash ndipo lisiti ndili nalo.

Bokosi anandikhomera kalipentala wa ku Mchesi, pamwamba tinaika perspex, pulasitiki yoonekera ngati galasi, kuti madayisi asakande sikirini. Ndikalumikiza laputopu ndi HDMI, mapu ndimatsegula pa pulogalamu ya MapTool poti ndi yaulere komanso siifuna bundle, ndinayeza ndi rula mpaka kabokosi kalikonse ka pa mapu kanakwana inchi imodzi yomwe mu gemu ndi mapazi 5, ndiye pa 43 inch pamakwana timabokosi pafupifupi 37 m'litali ndi 21 m'lifupi, chipinda cha ndewu chonse chimalowa.

Ndiye tsiku loyamba lenilenilo. Tinayamba cha m'ma 2 koloko masana, kunali kotentha kwa Okutobala kuja, anyamata asangalala kwambiri poona phanga likutseguka pang'onopang'ono pansi pa tizidole tawo, chifunga chikuchoka pomwe afika pokha. Ndewu iyi ndinaikonzekera masabata atatu. Chinjoka chatsala pang'ono kufa, mlongo wanga amene amasewera cleric (wansembe wochiritsa) ali ndi hit points (mapointi a moyo) 4 zokha, wagwira d20 (dayisi ya mbali 20) m'manja dzanja likunjenjemera, aliyense waimirira, basi sikirini phi! mdima. Tinayamba taganiza kuti magetsi azima koma babu likuyaka, fuliji ikulira. Tizidole tangotsala pa galasi lakuda, palibe akudziwa kuti khoma linali pati, dzenje linali pati. Nditapisa dzanja pansi pa bokosi ndinapeza kumsana kwa TV kwatentha ngati mbaula. Mtima unandipweteka zedi, ndinaopa kuyatsanso poganiza kuti yapsa, gemu inathera pomwepo anthu n'kubalalika osadya n'komwe mandasi amene ndinagula.

Lolemba ndinabwereka galimoto n'kuitengera ku shopu. Bambo omwe aja, nkhope yomweyo, anangomva mawu oti ndinaigoneka basi anasintha, akuti TV sagoneka akulu, amene anakuuzani zimenezo ndani, waranti yafa. Ndinati ndinu amene munandiuza, mboni ilipo. Anayamba kuseka n'kumauza kasitomala wina kuti onani madala awa akuseweretsa TV ngati bawo. Zimenezi ndi zomwe zinandiwawa kuposa ndalama, munthu wadya ndalama zanga kenako akundichititsa manyazi pagulu, sanailumikize n'komwe ku magetsi kuti aone ngati ikuyaka.

Amene anandithandiza ndi kamnyamata kamene kamanyamula katundu mu shopumo. Kananditsatira panja pomwe ndimakweza TV, kanati bwana inazima patatha maola angati? Nditawerengera anali folo ndendende, 2 mpaka 6. Kanati ma TV ambiri amazima okha pakatha maola 4 osagwira limoti, mukalowe mu settings mukazimitse auto power off, koma za kutenthazo musazisiye, timabowo totulutsa mpweya wotentha anatipanga kuti TV ikhale choimirira ndiye mukaitsekera m'bokosi mpweya umasowa kolowera. Nditafika kunyumba ndinayatsa, inayaka bwinobwino, setting ija inalipodi.

Ndiye chilungamo chake TV payokha sindingainyoze. Kalipentala anaboola mabowo m'mbali, anaikweza pang'ono ndi timatabwa kuti pansi pazipita mphepo, ine ndinaikamo timafani tiwiri ta kompyuta ta USB, pano tasewera ma Loweruka asanu ndi awiri maola opitilira sikisi, imangofunda pang'ono basi. Mitundu imaoneka bwino, kungoti amene wakhala mbali ya kumunsi kwa sikirini amaona mapu otuwa pang'ono, ndiye mukamagula muiyang'ane chammbali muli mu shopu momwemo osati kutsogolo kokha. Perspex nayo igundane ndi sikirini, mukasiya mpata waukulu kachidole kamaoneka ngati kali pa kabokosi kena ka mapu, tinakanganapo kangapo za amene ali pafupi ndi chinjoka tisanaitsitse. Spika zimamveka motsamwa m'bokosi koma ndilibe nazo ntchito, ndili ndi ka bluetooth.

TV ndikuipatsa 4 pa 5. Shopu ndikanaipatsa 0 koma ndiika 2 chifukwa cha kamnyamata kaja, ndinabwererako sabata yatha kukakapatsa ya drink, bambo aja anandiona n'kuyang'ana kumbali. Ndewu ija tinaibwereza kuyambira pomwe inalekera, mlongo wanga anaponya 17 cleric wake n'kupulumuka. Mnzanga wa ku Kawale akufuna yake ya 32 inch, ndamuuza kuti ndikamuperekeza ku shopu ina.