Tiyi ndi makapisozi ochepetsa thupi mu Blantyre: muli chiyani, ndipo n'ngoyenera ndalama zanu?

Mukayenda mumsika wa Limbe, m'mashopu a zodzoladzola m'tauni, ngakhale pa WhatsApp pomwe, katunduyu simungamuphonye: tiyi wa m'mapaketi obiriwira olembedwa "slimming tea" kapena "flat tummy", makapisozi a m'timabotolo, khofi wochepetsa thupi, ndi ufa wa zitsamba wopakira m'timapulasitiki topanda dzina la wopanga. Malonjezo ake ndi amodzimodzi: chimimba chiphwa m'masiku 14, nsima osasiya, thukuta osakhetsa. Malonda amatentha kwambiri ukwati kapena bridal shower ikayandikira, pamene diresi lasokedwa kale koma zipi ikukana. Chigamulo chathu tinene poyambirira pomwe. Katundu amene amatsitsa sikelo msanga ndi amene ali woopsa, ndipo amene ali wosaopsa sachotsa mafuta oti munthu n'kuwerengera.

Tiyambe ndi tiyi, poti ndiye akuyenda kwambiri. Tembenuzani paketi muwerenge timalemba ta kumbuyo. Pakati pa mayina okoma ngati green tea ndi lemon grass, nthawi zambiri mupeza senna, kapena Cassia angustifolia, lomwe ndi dzina lina la chomera chomwecho. Amenewa ndi mankhwala otsegula m'mimba, omwe kuchipatala amapatsa munthu wodzimbidwa. Amayamba kugwira pakatha maola 6 mpaka 12, n'chifukwa chake malangizo amati mumwe pogona. Kukamacha m'mimba mwayamba kupotokola, ndipo wokwera minibasi ya ku Bangwe 6 koloko m'mawa amayamba kuwerenga masiteji.

Wogulitsa amati ndiye kuti mafuta akutuluka. Si zoona. Mphamvu ya chakudya imayamwidwa m'matumbo aang'ono, pamene senna amagwira ntchito m'matumbo aakulu, komwe kumafika zotsalira zokhazokha. Tiyi akamayamba ntchito, nsima ndi tchipisi zadzulo zalowa kale m'magazi. Kilogalamu 1 kapena 2 yomwe yachoka pa sikelo ndi madzi ndi chimbudzi, ndipo imabwerera mukangomwa madzi n'kudya bwino masiku awiri. Masamu ake ndi osavuta. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori (muyeso wa mphamvu ya chakudya) pafupifupi 7,700. Mayi wamkulu amagwiritsa ntchito makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku. Paketi yolonjeza makilogalamu 5 pa sabata ikunena za makalori 38,500, chonsecho ngakhale mutakhala sabata yonse osalawa kanthu simungapyole 14,000.

Kuipa kwa tiyiyu si kungowononga ndalama. Madzi otuluka aja amapita ndi mchere wa potaziyamu, womwe minofu ndi mtima zimadalira. Ukachepa, miyendo imalefuka, minofu imakokana usiku, mtima umagunda modumphadumpha. Amene akumwa mapiritsi a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide kapena furosemide amakhala akutaya kale potaziyamu, tsono tiyi akawonjezera, vuto limakula msanga. Kwa omwe ali pa mankhwala a mtima a digoxin n'koopsa koposa. Senna sayenera kumwedwa kupitirira masiku 7 popanda dokotala, koma mapaketi ambiri amagulitsidwa ngati a masiku 14 kapena 28. Munthu akasiya atamwa nthawi yaitali amadzimbidwa, mapazi ndi nkhope n'kutupa kwa masiku angapo chifukwa thupi linazolowera kusunga madzi. Iye amaona ngati wanenepanso, n'kukagula paketi ina. Apa ndi pamene pagona phindu la wogulitsa. Amayi omwe ali pa mapiritsi olera adziwenso kuti kutsegula m'mimba kwambiri kopitirira tsiku kungachititse piritsi kusalowa bwino m'thupi, ndipo mimba yomwe amafuna iphwe ikhoza kukula pa chifukwa china.

Madzi a aloe vera opanga pakhomo ali m'gulu lomweli. Utomoni wachikasu wowawa womwe uli pansi pa khungu la tsambalo umatsegula m'mimba ngati senna.

Makapisozi ambiri amalembedwa Garcinia cambogia, chipatso cha ku India ndi maiko oyandikana nawo. Chinayesedwa bwino kalekale. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa anthu 135, ena opatsidwa garcinia, ena makapisozi opanda kanthu, kwa masabata 12, ndipo kusiyana kwenikweni panalibe. Akatswiri ataphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana mu 2011 anapeza kusiyana kosafika kilogalamu imodzi. Kumbali ya chiwindi ndiye kuli nkhani: mu 2009 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linachenjeza anthu kuti asiye mankhwala ochepetsa thupi otchedwa Hydroxycut, omwe nthawi imeneyo anali ndi garcinia pamodzi ndi zina, anthu atapezeka ndi chiwindi chowonongeka ndipo mmodzi atamwalira. Ife sitingalangize munthu aliyense kugula garcinia.

Green tea pamafunika kusiyanitsa. Wofulula m'kapu, monga yemwe amalimidwa ku Satemwa ku Thyolo, ndi chakumwa chabwino, ndipo makapu 2 kapena 3 pa tsiku opanda shuga savuta. Akalowa m'malo mwa tiyi wa masupuni atatu a shuga amathandizadi, koma chathandiza ndi kuchoka kwa shugayo. Kapisozi wa green tea extract ndi chinthu china, chifukwa amaunjika mankhwala otchedwa EGCG a makapu ambirimbiri m'kambewu kamodzi. Mu 2018 bungwe loona za chakudya ku Ulaya, EFSA, linati kuyambira mamiligalamu 800 a EGCG pa tsiku zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi zimayamba kuoneka m'magazi. Kumwa kapisoziyu m'mimba mulibe kanthu, monga ogulitsa ena amalangizira, kumawonjezera chiopsezocho. Botolo losalemba kuchuluka kwa EGCG lisiyeni pa shelefu pomwepo.

Tsono pali makapisozi ndi khofi omwe anthu amachitira umboni kuti amagwiradi: njala imatheratu, munthu n'kumaiwala nkhomaliro, zovala n'kuyamba kukhwepa m'masabata awiri. Amenewa ndi omwe timawaopa kwambiri. Palibe tsamba lodziwika lomwe lingachite zimenezi. Chomwe chimapezeka kawirikawiri katundu wotere akapimidwa mu labu ndi sibutramine, mankhwala a kufakitale omwe madokotala ankalembera anthu onenepa mpaka mu 2010, pamene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America atapezeka kuti amawonjezera matenda a mtima ndi sitiroko. Pa mitundu 317 ya mankhwala ochepetsa thupi yomwe FDA inapeza kuti yathiridwa zinthu mobisa pakati pa 2007 ndi 2016, yoposa 8 mwa 10 iliyonse inali ndi sibutramine. Pa chikuto sawalemba, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana kapisozi ndi kapisozi, chifukwa wothira mobisa sayeza mosamala.

Thupi limaulula lokha. M'kamwa mumauma gwa, tulo timasowa, mutu umawawa, manja amanjenjemera, mtima umathamanga munthu ali chikhalire. Dziyezeni: khalani pansi mphindi 5, ikani zala ziwiri pamtsempha wa padzanja m'munsi mwa chala chachikulu, werengani kugunda kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Munthu wamkulu wopuma amakhala pakati pa 60 ndi 100. Ngati mwapyola 100, kapena mwakwera kwambiri poyerekeza ndi musanayambe makapisozi, siyani tsiku lomwelo mukayezetse BP. Dzina la bitter orange kapena Citrus aurantium pa chikuto nalonso likukhudza mtima ndi BP, makamaka likaphatikizidwa ndi caffeine kapena guarana. Opanga anathamangira ku chimenechi chitsamba china chothamangitsa mtima, ephedra, chitaletsedwa ku America mu 2004.

Mawu oti "zachilengedwe" asakugonekeni tulo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa kiliniki ina yochepetsa thupi ku Brussels, m'dziko la Belgium, chitsamba china chinasinthanitsidwa molakwika ndi chomera chapoizoni chotchedwa Aristolochia. Amayi oposa 100 impso zawo zinawonongeka, ambiri mpaka kufuna makina osefa magazi kapena impso ina, ndipo ena anadzapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Kumeneko kunali ku Ulaya, komwe makina ndi ambiri. Kuno ku Blantyre makina a boma osefa magaziwa, a dialysis, ali ku Queens, ndipo odikira ndi ochuluka kale. N'chifukwa chake ufa wa m'kapulasitiki kopanda dzina la wopanga, tsiku lotha ntchito ndi mndandanda wa zomwe zilimo timauika pansi penipeni. Munthu akadwala nawo, dokotala alibe poyambira.

Zolembalemba za pa chikuto muziziwerenga ndi diso lokayika. "FDA approved" pa botolo la zitsamba ndi bodza, chifukwa FDA sivomereza katundu wa mtunduwu asanagulitsidwe. Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, chikakhala chenicheni, chimanena za kapangidwe ndi ukhondo, osati kuti katunduyo amaondetsa. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, ndipo wogulitsa amene akunena kuti katundu wake amachiza kapena kuondetsa mufunseni ngati analembetsa kumeneko. Akayamba kukuonetsani zithunzi za "kale ndi pano" m'malo moyankha, mwayankhidwa.

Amene ali pa ma ARV tiwalankhule mwapadera, poti ena mwa ofuna kuchepetsa thupi ali m'gulu limeneli. Dolutegravir, yemwe ali m'piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, amadziwika kuti amanenepetsa anthu ena, makamaka amayi. Nkhani imeneyi ndi yokakamba ku kiliniki, osati kusiya mankhwala kapena kuthamangira tiyi. Zosakaniza za "detox" zokhala ndi makala zimamata mankhwala m'mimba kuti asalowe m'magazi. Ufa ndi mapiritsi okhala ndi calcium, iron kapena magnesium amagwira dolutegravir chimodzimodzi, choncho TLD imwedwe maola 2 musanamwe zimenezo, kapena maola 6 mutamwa. Chitsamba cha St John's wort chimafooketsa ma ARV ndi mapiritsi olera, ndipo sichiyenera kuphatikizidwa nawo n'komwe. Tenofovir, yemwenso ali mu TLD, amafuna impso zosauma madzi, pamene tiyi wotsegula m'mimba amachita zosiyana ndi zimenezo. Omwe ali pa mankhwala a TB chiwindi chawo chasenza kale katundu, ndipo garcinia kapena green tea extract asayandikire. Chimodzimodzi omwe ali ndi hepatitis B, okonda mowa, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa.

Za kwathu kuno tidutsepo mwachangu. Chammwamba ndi ndiwo yabwino yopatsa thanzi, koma umboni woti imaondetsa munthu ndi wochepa kwambiri, ndipo palibe chifukwa chogulira m'kapisozi tsamba lomwe lili kuseri kwa nyumba. Jinja ndi mandimu m'madzi ofunda sizisungunula mafuta, komanso sizipweteka. Chidede chimatsitsako BP pang'ono, ndipo n'chabwino bola musathiremo shuga. Viniga wa maapozi anayesedwa ku Japan mu 2009: omwe ankamwa supuni yaikulu 1 kapena 2 pa tsiku anatsika kilogalamu 1 mpaka 2 m'masabata 12, ndipo atasiya thupi linabwerera. Womufuna asungunule supuni imodzi m'kapu yodzaza madzi n'kuchukucha m'kamwa akamaliza, apo ayi mano amadyeka ndipo chifuwa chimaotcha.

Chokhacho chomwe tingachipatseko mamalikisi ndi ufa wofufuma m'mimba monga glucomannan ndi psyllium. Umathandiza kukhuta msanga. Mlingo wa glucomannan ndi galamu 1 katatu pa tsiku musanadye, ndi kapu 1 kapena 2 za madzi. Madzi akachepa umafufumira pakhosi n'kutsamwitsa, ndiponso umafunika kutalikirana ndi mankhwala ena. Koma nyemba, nandolo, therere, mgaiwa ndi mbale yodzaza masamba zimagwira ntchito yomweyo pa mtengo wa ku msika wa Ndirande.

Ndalama ya paketi imodzi ikhoza kugula tepi ya telala n'kutsala. Yezani chiuno pamwamba pang'ono pa mchombo mutatulutsa mpweya: chiopsezo cha shuga ndi BP chimayamba kukwera mayi akapyola masentimita 80, bambo 94. Kutsika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndiye liwiro loyenera, ndipo munthu wa makilogalamu 90 akachotsa 5 mpaka 9 okha, shuga ndi BP zimayamba kumvera. Pochotsera ndi podziwika. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori 120, ndipo ndiwo zambiri zimathiridwa mafuta ndi diso. Chepetsani mtanda umodzi wa nsima madzulo, tchipisi cha pachiwaya chikhale cha apo ndi apo, ndipo muziyenda ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata. Zitunda zake Blantyre ali nazo zaulere, kaya ku Soche, Chilomoni kapena Ndirande. Ngati thupi lakwera mwadzidzidzi mutayamba jakisoni wolera kapena mankhwala a prednisolone, kapena chikutupa ndi mapazi ndi nkhope, kaonaneni ndi achipatala kaye, chifukwa kutupa kwa matenda a mtima kapena impso anthu ambiri amakuyesa kunenepa.

Amene mwayamba kale kumwa, siyani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa, kuyabwa thupi lonse, kusanza kosalekeza, kupweteka kudzanja lamanja pansi pa nthiti, kuwawa pachifuwa, kukomoka kapena mkodzo kuchepa. Tengani paketi kapena botolo ndi zotsalamo, ndipo muwauze adokotala tsiku lomwe munayamba ndi kuchuluka komwe mumamwa. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ndiye dokotala amataya masiku akufufuza malungo ndi hepatitis. Pemphani kuti ayeze magazi a chiwindi, a impso ndi potaziyamu, komanso BP. Ngati munamwa tiyi wa senna kwa miyezi, achipatala akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, ndipo kutupa kwa masiku oyambawo kusakubwezereni kwa wogulitsa.