Uchi kapena mabisiketi a mchere: chabwino n'chiti kuno ku Chigwa cha Shire?

Kholo lofuna kugulira ana kachakudya kotolatola pamsika wa Nchalo kapena wa Bangula nthawi zina limaima pakati pa botolo la uchi ndi paketi ya mabisiketi a mchere. Pankhani ya kasungidwe uchi ndiwo umapambana, chifukwa madzi ake nthawi zambiri sakwana magawo 20 pa 100 alionse, kotero kuti tizilombo towoletsa chakudya sitiswana m'menemo ngakhale kutentha kwa mu Okutobala kutapitirira madigiri 40. Ukalimba n'kuchita timibulu ngati shuga sikuti waonongeka ayi. Botolo likaikidwa m'madzi ofunda, osati owira, umasungunukanso. Chofunika n'kutseka chivindikiro mwamphamvu, popeza nyerere za kuno sizichedwa kumva fungo.

Mabisiketi ndi otsika mtengo ndiponso osavuta kuika m'chikwama cha mwana wasukulu, koma paketi ikatsegulidwa m'nyengo ya dzinja amayamwa chinyezi n'kufewa msanga, ndipo ambiri mwa iwo ndi ufa wa tirigu, mafuta ndi mchere basi, zomwe sizikhalitsa m'mimba.

Uchi nawonso uli ndi malire ake. Mwana wosakwana miyezi 12 asapatsidwe ngakhale pang'ono, chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism, ndipo wodwala matenda a shuga aziuona ngati shuga weniweni. Ineyo ndimakonda uchi wa alimi a njuchi ozungulira nkhalango ya Majete, wothira m'phala la mapira m'mamawa, pamene mabisiketi ndimawasungira ulendo wa minibasi wokwera mapiri kupita ku Blantyre.