4nec2: Kuyesa Eriyo pa Kompyuta Waya Asanadulidwe

Kwa zaka zingapo ndinkapanga maeriyo anga a wailesi ya amateur (yolankhulirana anthu wamba okonda za wailesi) mwa njira yakale: kuyeza waya, kumudula, kumukweza pa mlongoti wa nsungwi, kumutsitsa kuti ndimufupikitse, n'kumukwezanso. Njira imeneyi imatha kukonza SWR (muyeso woonetsa ngati eriyo ikulandira bwino mphamvu ya wailesi kapena ikuibweza), koma siinena kumene mphamvu ya wailesi ikulowera ikachoka pa waya. Funso limeneli ndi limene linandifikitsa ku 4nec2, pulogalamu yaulere ya pa Windows yoyesera maeriyo pa kompyuta, imene anailemba Arie Voors wa ku Netherlands.

Masamu enieni sachitika mu 4nec2 mwenimwenimo, koma mu injini yotchedwa NEC-2, imene Gerald Burke ndi Andrew Poggio anaikonza ku Lawrence Livermore National Laboratory ku America, ndipo malongosoledwe ake anatuluka mu 1981. Injiniyi imaduladula waya aliyense m'tizigawo ting'onoting'ono, imawerengera magetsi oyenda m'kachigawo kalikonse poganizira mmene tizigawo tonse timakokerana, ndipo kuchokera pamenepo imapeza impedance (mmene eriyo imakanira magetsi poloŵera mphamvu), gain (mmene imasonkhanitsira mphamvu kumbali imodzi) ndi mbali zimene mafunde akulowera. Ntchito ya 4nec2 ndi kuveka injini yakaleyi mawindo, zithunzi ndi magrafu kuti munthu asamalimbane ndi mizere ya manambala yokha.

Kuika pulogalamuyi sikutenga nthawi, chifukwa fayilo yake ndi yaing'ono ndipo imayenda bwino ngakhale pa laputopu yakale, popanda intaneti. Ndi bwino kuisiya mu foda yakeyake pa C: m'malo moilowetsa mu Program Files, popeza imalemba mafayilo a zotsatira m'mafoda ake omwe, ndipo Windows yamakono imaletsa kulemba kotere kumalo otetezedwa. Ndi bwinonso kuonetsetsa kuti kompyuta ikugwiritsa ntchito kadontho, osati koma, polemba manambala a desimali.

Maonekedwe ake ndi akale, ndipo tsiku loyamba amasokoneza, chifukwa mawindo angapo amatseguka nthawi imodzi ndipo pali njira zingapo zolembera eriyo yomweyo. Ine ndinapindula kwambiri nditasiya kujambula ndi mbewa n'kuyamba kulemba mizere ya NEC ndekha. Mzere wa GW umalongosola waya: kumene wayambira, kumene wathera, kunenepa kwake ndi kuchuluka kwa tizigawo take. Wa EX umaika poloŵera mphamvu, wa FR umanena frequency, wa GN umalongosola nthaka, ndipo wa LD umanena ngati waya ndi wamkuwa kapena wa aluminiyamu. Pamene mzere wa GW ukufuna kunenepa kwa waya, ukufuna theka la kunenepako, kuchoka pakati kufika m'mphepete, ndipo wolemba kunenepa konse amalandira mayankho olakwika popanda chomuchenjeza.

Ndikulangiza aliyense kuyamba ndi dipole (waya wowongoka wolandira mphamvu pakati) ya theka la wavelength (kutalika kwa funde limodzi) yoikidwa m'mlengalenga mopanda nthaka, chifukwa yankho lake ndi lodziŵika kale: impedance ya pafupifupi ma ohm 73 ndi gain ya 2.15 dBi. Manambala akayandikira pamenepa, munthu amadziŵa kuti walemba bwino, ndipo angayambe kuonjezera nthaka.

Apa ndi pamene pulogalamuyi inandiphunzitsa chinthu chimene mita ya SWR sikanandiphunzitsa. Ndinalemba dipole ya pa 7.1 MHz, ya waya wa mamita pafupifupi 20, n'kuiika mamita 6 pamwamba pa nthaka, kutalika kumene nsungwi zanga zimafika. Chithunzi chinatuluka chozungulira ngati mpira, mphamvu yambiri ikupita molunjika kumwamba. Nditaikweza pa kompyuta kufika mamita 20, amene ali pafupi ndi theka la wavelength, mpira uja unagawanika pakati n'kukhala mapiko aŵiri opendekera pafupifupi madigiri 30 kuchoka pansi. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chimene masiteshoni apafupi ankandimva bwino masana pamene akutali ankandimva movutikira. Eriyo yotsika imaponya mafunde kumwamba, ndipo ionosphere, chigawo cha kumwamba kwambiri mumlengalenga, imawabweza pafupi, pa mtunda wa makilomita mazana ochepa, njira imene imatchedwa NVIS. Kwa munthu wofuna kulumikiza Blantyre ndi Mzuzu kudutsa mapiri, kutsika kumeneku ndi mwayi, koma kwa wofuna Europe ndi chopinga. Kuona zimenezi m'mphindi ziŵiri, popanda kukwera mtengo, ndi chifukwa chokwanira choikira pulogalamuyi.

Chinthu china chamtengo wapatali ndi optimizer, mbali ya pulogalamu imene imafufuza yokha miyeso yabwino ya eriyo. Ukapatsa kutalika kwa waya dzina pogwiritsa ntchito mzere wa SY, pulogalamu imasinthasintha nambalayo yokha mpaka itapeza SWR yotsika kapena gain yokwera, malinga ndi chimene wauza kuti ndi chofunika. Pa Yagi (eriyo ya ndodo zondondozana yoloza mbali imodzi) ya ndodo zitatu, pamene kutalika kwa ndodo ndi mipata yake zimakhudzana, zimenezi zimapulumutsa maola ambiri.

Komabe optimizer sazindikira ngati eriyo inalembedwa molakwika, ndipo amatha kuthamangitsa gain yabodza. Tizigawo tiyenera kukhala tochepera gawo limodzi mwa magawo khumi a wavelength, koma tisafupike kwambiri poyerekeza ndi kunenepa kwa waya, ndipo pa dipole tiyenera kukhala nambala yosagaŵika paŵiri, monga 21, kuti poloŵera mphamvu pakhale pakati penipeni. Pulogalamuyi ili ndi mayeso otchedwa Average Gain Test, amene yankho lake liyenera kuyandikira 1, ndipo ine sindikhulupiriranso chithunzi chilichonse chimene sichinadutse mayeso ameneŵa.

Malire a NEC-2 ayeneranso kunenedwa poyera. Injiniyi siitha kuwerengera mawaya okwiriridwa m'nthaka, choncho ma radial (mawaya oyalidwa mozungulira tsinde) a eriyo yoimirira amayenera kulembedwa ngati ali pamwamba pang'ono pa nthaka. NEC-4 imatha zimenezi, koma imafuna layisensi. NEC-2 imavutikanso ndi ndodo za mapaipi olowetsana a kunenepa kosiyana. Kaŵirikaŵiri imaganiza kuti nthaka ndi yosalala ndi yofanana paliponse, pamene nthaka yeniyeni ya m'mwezi wa October ndi ya m'mwezi wa February sizifanana pa kayendedwe ka magetsi. Denga la malata, limene lili pafupi ndi maeriyo ambiri kwathu kuno, pulogalamu siilidziŵa pokhapokha ulilembe wekha ngati ukonde wa mawaya. Pa zifukwa zimenezi ndimadulabe waya motalikirapo pang'ono kuposa mmene kompyuta yanenera, n'kumaliza ndi mita.

Pali mapulogalamu ena oyenera kuwaganizira. EZNEC ya Roy Lewallen, W7EL, inakhala yaulere kuyambira mu 2022 mwini wake atapuma, ndipo ndi yosavuta kwa woyamba kumene. MMANA-GAL imagwiritsa ntchito injini ina, ya MININEC, ndipo a Linux ali ndi xnec2c. Amene akufuna kungoyesa dipole imodzi ayambe ndi EZNEC. Amene akufuna optimizer, Smith chart (grafu yozungulira yoonetsa impedance) ndi chithunzi cha 3D pamalo amodzi, ndipo ali wokonzeka kutaya madzulo angapo akuŵerenga mafayilo a zitsanzo amene amabwera ndi pulogalamuyi, asankhe 4nec2.